Kagulidwe ka Tishu Yotchipa Koma Yokhalitsa

Ufa, makala, sopo, mafuta ophikira ndi lendi timaziwerengera malipiro asanabwere n'komwe. Tishu timaikumbukira ikatha. Zikatero timatuma mwana ku okala kukagula mpukutu umodzi pa mtengo uliwonse umene mwini okala wadzuka nawo tsiku limenelo, ndipo pakapita masiku atatu mwana uja wabwereranso konko. Ndalama yake siwawa chifukwa imachoka pang'onopang'ono, koma mutaiphatikiza pa chaka mungadabwe.

Mtengo wakenso sukhala malo amodzi. M'Malawi muno mulibe fakitale yaikulu yosandutsa mitengo kukhala mapepala. Nkhalango ya paini ya Chikangawa inabzalidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti idzadyetse fakitale yotero, koma fakitaleyo sinamangidwe. Choncho tishu yambiri imachokera kunja, ina itapakidwa kale, ina ili zimipukutu zikuluzikulu zimene makampani akuno amadula ndi kukulunga. Zonsezi zimafuna ndalama yakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tishu inakwera limodzi ndi katundu wina yense wodalira dola.

Opanga amadziwa kuti wogula amafunsa mtengo wa mpukutu umodzi basi. Ndiye pali njira yokwezera mtengo popanda kusintha nambala ya pa shelefu: kuchepetsa pepala limene lili pa mpukutupo. N'chifukwa chake malangizo onse ali m'munsimu akuzungulira pa chinthu chimodzi, kudziwa kuchuluka kwa pepala limene ndalama yanu yagula.

Yambani ndi kuwerenga za kunyumba kwanu

Kwa mwezi umodzi musataye timakatoni ta pakati pa tishu. Mpukutu ukatha, ponyani kakatoni kake mu jumbo, ndipo mwezi ukatha werengani. Sankhani mwezi wamba, osati wa holide ana onse ali pakhomo kapena umene kwabwera alendo a ukwati kapena a zovuta. Ngati mukufuna kudziwa zambiri, lembani ndi bolopeni mkati mwa kakatoniko tsiku limene mwatsegula mpukutuwo, mudzaone kuti watha patapita masiku angati.

Popanda nambala imeneyi simungadziwe ngati tishu yatsopano imene mwagula ikukuthandizani. Nyumba imene inkatha mipukutu 12 pamwezi ikayamba kutha 20 chifukwa chosinthira ku yotchipa, palibe chimene yapulumutsa, ngakhale mtengo wa mpukutu umodzi utsike.

Chimbudzi chanu n'chotani?

Ngati n'chokumba, muli ndi ufulu waukulu. Tishu iliyonse imawola m'dzenje, ndipo yotuwa ija yopangidwa kuchokera ku mapepala akale imagwira ntchito bwinobwino.

Chimbudzi chogejemula chimasankha. Chimafuna pepala losungunuka msanga m'madzi, apo ayi limakaima pokhota paipi kapena kudzaza septic tank nthawi isanakwane. Nyuzipepala, mapepala a m'makope akale a ana, timapepala tofufutira m'manja podyera ndi tonyowa topukutira makanda, zonsezi zisalowemo. Ta podyera tinapangidwa dala kuti tisang'ambike tikanyowa, ndipo tonyowa tija sitisungunuka ngakhale patapita miyezi. Ulendo umodzi wa pulambala, kapena wa galimoto yopopa zimbudzi, ungameze zonse zimene mwapulumutsa pa chaka. Ngati muli pa lendi, wonjezeranipo mkangano ndi alandilodi.

Masamu a pa shelefu

Apa ndi pamene pali ndalama, choncho musafulumire. Tengani paketi m'manja, itembenuzeni, ndipo fufuzani zinthu zitatu: mipukutu ilimo ingati, mpukutu uliwonse uli ndi timapepala tingati, ndipo pepalalo ndi 1-ply (pepala limodzi lokha) kapena 2-ply (mapepala awiri omatikizana). Nambala ya timapepala imalembedwa pafupi ndi mawu akuti sheets, nthawi zambiri m'zilembo zing'onozing'ono kumbali kapena kunsi. Matishu ambiri ochokera ku South Africa, monga Twinsaver ndi Baby Soft, amakhala ndi timapepala 500 ngati ndi 1-ply, kapena 350 ngati ndi 2-ply, koma palinso timipukutu tochepera ta 200 kapena 300 timene timaoneka chimodzimodzi mukationera patali.

Tulutsani foni, tsegulani kakyuleta. Gawani mtengo wa paketi ndi nambala ya mipukutu, kenako gawani yankholo ndi nambala ya timapepala, n'kuchulukitsa ndi 100. Mwapeza mtengo wa timapepala 100, umene ndi mtengo wokhawo woyenera kufanizira.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka, poti yeniyeni imasintha sabata ndi sabata. Paketi yoyamba ili ndi mipukutu 10 ya 2-ply pa K6,000, timapepala 200 pa mpukutu. Yachiwiri ilinso ndi mipukutu 10 ya 2-ply, koma pa K8,500, timapepala 350. Maso amathamangira yoyamba: K600 mpukutu umodzi, pamene inayo ndi K850. Koma K600 kugawa ndi 200 ndi K3 kapepala kamodzi, kutanthauza K300 pa timapepala 100. K850 kugawa ndi 350 ndi pafupifupi K2.43, kutanthauza K243 pa timapepala 100. Yooneka yodulayo ndiye yotchipa. Kuti mupeze timapepala 3,500 timene tili mu paketi yachiwiri, mungafunike kulipira K10,500 pogula yoyamba ija. K2,000 yapita chabe chifukwa chosatembenuza paketi.

Kufanizira 1-ply ndi 2-ply kumavutirapo, chifukwa kumadalira manja a anthu a m'nyumba mwanu. Pa 2-ply kapepala kalikonse ndi mapepala awiri omatikizana, ndiye mpukutu wa 350 uli ndi pepala lofanana ndi timapepala 700 ta 1-ply. Munthu wamkulu akapeza pepala lopyapyala amakoka lalitali n'kulipinda kangapo, akapeza lokhuthala amakoka lalifupi. Kwa iye 2-ply ya mtengo wapakati imatha kukhalitsa. Mwana alibe nazo ntchito zimenezo. Amakoka mpaka dzanja lidzaze, kaya pepala ndi lokhuthala kaya ayi. Maganizo anga ndi akuti nyumba ya ana ang'onoang'ono ambiri, kapena yobwera anthu pafupipafupi, igule 1-ply ya timapepala 500. Nyumba ya akuluakulu awiri kapena atatu iyese 2-ply ya 350, n'kuona zimene jumbo la timakatoni lija linene.

Onaninso kukula kwa kapepalako ngati kwalembedwa. Ambiri ndi 100 mm mulifupi ndi 110 mm mulitali. Mukaona mpukutu wofupikirapo poima pambali pa anzake, dziwani kuti achekako, ndipo timapepala 350 take sitifanana ndi 350 ta winayo.

Pamene paketi silankhula

Matishu ambiri otchipa, makamaka a mumsika ndi m'magolosale a m'makwalala, salemba nambala iliyonse. Ena amangokulungidwa m'pepala lopyapyala kapena m'pulasitiki yoonekera. Si onse oipa, koma muyenera kuwayesa ndi dzanja.

Finyani mpukutuwo pakati pa chala chachikulu ndi zinzake. Wokulungidwa mothina umalimba, zala sizilowa. Wina ukaufinya zala zimakumana ndi kakatoni nthawi yomweyo, ngati mandasi a yisiti wambiri, kukula m'maso mkati muli mphepo yokhayokha. Timaluwa ndi timadontho todindidwa pa pepala timathandiza kufewetsa, koma timatukumulanso mpukutu kuti uoneke wonenepa. Kenako suzumirani pakati. Kakatoni kotakata, kolowa zala zitatu momasuka, kamatenga malo amene pakanakhala pepala. Yang'anani mtunda wochokera pa kakatoni kufika m'mphepete, chifukwa pepala lanu ndi limenelo.

Sikelo ndiye sinama. M'masitolo akuluakulu muli sikelo ya ku zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo mumsika ogulitsa nyemba ndi mpunga ali nayo. Pemphani mwaulemu muikepo mpukutu umodzi wa mtundu uwu ndi umodzi wa mtundu uwo. Gawani mtengo ndi magalamu, mufanizire. Wina akakusekani kuti mukuyeza tishu ngati nyama, musekereni limodzi, koma nambalayo ilembeni. Popanda sikelo, nyamulani paketi imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo. Kusiyana kwakukulu kumamveka.

Gulani umodzi kaye

Musatenge belo la mtundu umene simunaugwiritsepo ntchito. Gulani mpukutu umodzi kapena iwiri, mukaiyese kunyumba.

Thirani madzi theka m'botolo loonekera, ng'ambani timapepala tinayi, tiponyeni mkati, tsekani, ndipo khutchumulani mwamphamvu ka 10. Tishu yoyenera chimbudzi chogejemula imanyenyeka n'kusanduka tizidutswa tosambira m'madzimo. Ikatsala ili chimbulunga chimodzi kapena chinsalu chathunthu, ndi yovuta pa mapaipi. Kenako donthezani madzi pang'ono pa timapepala tiwiri topinda, mupukute nato kuseri kwa dzanja. Ikabooka nthawi yomweyo n'kusiya tinyenyeswa pakhungu, anthu azikoka yambiri ndipo siikhalitsa. Onaninso ngati ikuduka pa timabowo take. Imene imang'ambika cham'litali, kapena imene mapepala ake awiri amasiyana n'kumayenda lililonse palokha, imatayitsa pepala lambiri.

Fungo la perefyumu ndi mtundu wa pinki kapena wa buluu siziwonjezera ukhondo. Zimangowonjezera mtengo, ndipo anthu ena zimawayabwa. Yoyera wamba kapena yotuwa ndi yokwanira. Koma ikamanunkha chinyontho kapena mankhwala, kapena ikakhala ndi timadontho ta nkhungu, isiyeni. Paketi yolembedwa dzina ndi adiresi ya wopanga, komanso yokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ngati ndi yopangidwa konkuno, ili ndi mwini wake amene mungamufunse zinthu zikalakwika.

Kogula, ndi mmene mungafikireko

Mukapeza mtundu umene wapambana mayeso, funani mtengo wooda. Mashopu a holoselo a ku Limbe, a ku Old Town ku Lilongwe, a mumzinda wa Mzuzu, komanso masitolo ngati Chipiku ndi Sana, amagulitsa mapaketi akuluakulu ndi mabelo. Eni maokala amaoda komweko, ndipo phindu lawo limachokera pa kusiyana kwa mtengo wa belo ndi wa mpukutu umodzi. Palibe cholakwika, nawonso ndi geni, koma inu mungathe kusunga phindulo m'thumba mwanu.

Musaganize kuti paketi yaikulu ndi yotchipa nthawi zonse. Masamu aja achiteninso. Zimachitika kuti mapaketi awiri a mipukutu 9 atsike mtengo kuposa imodzi ya 18, makamaka pa pulomoshoni ya kumapeto kwa mwezi.

Werengeraninso thiransipoti. Belo la tishu silemera koma limadya malo, ndipo kondakitala angafune kuti mulilipirire mpando. Ngati mukupulumutsa K3,000 koma minibasi kupita ndi kubwera ikudya K4,000, khalani pansi. Ulendo wa tishu uzikhala womwewo wa sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira, kapena tsiku limene muli kale ndi zochita m'tauni.

Njira ina yabwino ndi kusonkherana. Mabanja atatu kapena anayi oyandikana, anzanu a kuntchito, kapena amayi a ku banki m'khonde angathe kutumizirana ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mmodzi n'kupita kukaoda, n'kudzagawana. Gwirizanani mtundu wake ndi ndalama ya thiransipoti asananyamuke, ndipo wopitayo abwere ndi lisiti. Nkhani zing'onozing'ono ngati zimenezi ndi zimene zimadanitsa anthu pa mpanda.

Ku holoselo ndi mumsika kunenerera kulipo. Funsani bwinobwino:

"Achimwene, belo ili mukupanga bwanji?"

Akatchula mtengo, funsani kuti muli ingati, ndipo muwerenge nokha mizere yake pulasitiki isanatsegulidwe. Kenako:

"Nanga nditatenga awiri, mundichotserako zingati?"

Ambiri amachotsako, ngakhale pang'ono. Litembenuzeni belolo muone kunsi kwake musanalipire. Limene linakhala pansi pa simenti m'nyumba yosungira katundu limatha kukhala ndi mzere wonse wonyowa kapena wophwanyika, ndipo mukafika nalo kunyumba kubweza kumavuta.

Mu supamaketi yang'anani pa sikirini pamene akukutchajani, ndipo lisiti muliwerenge musanatuluke pakhomo. Mtengo wa pa shelefu ukasiyana ndi wa pa tilu, nenani pomwepo. Akakana kukonza, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lisitilo ndiwo umboni wanu.

Gulani zokwana miyezi iwiri kapena itatu ngati thumba likulola. Tishu yosungidwa pouma siwonongeka, ndipo mitengo ikamakwera, imene mwagula lero ndi yotchipa kuposa ya mwezi wamawa. Koma musatengere ngongole, kaya ya katapila kaya ya pafoni, chifukwa chiwongoladzanja chidzadya zonse. Musatherenso ndalama ya ndiwo pa tishu ya chaka chonse.

Kusunga

Adani a tishu ndi chinyontho, chiswe, makoswe ndi mphemvu. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pepala limakoka chinyontho ngakhale denga lisadonthe, ndipo likatero limafewa, kununkha ndi kumera nkhungu. Musaike belo pansi kapena kulitsamiritsa ku khoma. Likwezeni pamwamba pa wadilopu kapena pa shelefu, kutali ndi bafa, kutalinso ndi mbaula. Boolani kabowo kongokwana kutulutsa mpukutu umodzi, ndipo mukatulutsa mangani. Makoswe amakonda kunyenya tishu popanga zisa, choncho ngati alipo m'nyumba, ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro ndiyo yabwino koposa.

M'nyumba ndi mmene imathera

Katundu akachuluka, manja amamasuka. Anthu akaona mipukutu 40 pakona amayamba kukoka ngati ndi yaulere, ndipo phindu la kuoda limathera pomwepo. Tulutsani umodzi umodzi, yotsalayo isaoneke. M'nyumba za mdadada zogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi nkhaniyi inatha kale, aliyense amapita ndi yake n'kubwera nayo.

Musanaukoloweke pa chitsulo chake, uphwanyeni pang'ono mpukutuwo ndi dzanja kuti kakatoni kakhale kophwatalala. Sumazungulira mwaufulu, ndiye mwana akakoka umaima pakangotuluka timapepala tingapo. Ana aang'ono asonyezeni muyeso wooneka, monga kuchokera pa zala kufika pa chigongono chawo, ndipo aphunzitseni kupinda m'malo mofwinya. Mawu akuti "musamawononge" okha samva. Musaike mpukutu pamwamba pa thanki kapena pawindo lotsegula, chifukwa umodzi ukagwera m'madzi kapena kunyowa ndi mvula wapita wonse.

Kenako yang'anani kumene tishu imapita kunja kwa chimbudzi. Kupukutira tebulo tiyi akatayika, kupukuta nsapato, galasi la galimoto, sikirini ya foni, kuchotsa zodzola kumaso, kuyala pansi pa mandasi ndi tchipisi kuti mafuta atsike, kumina chimfine chikagwa m'nyumba. M'mabanja ena theka la mpukutu limathera kumeneku. Chitenje chakale kapena malaya ong'ambika mukawadula tizidutswa n'kuika m'kabasiketi kukhitchini, ntchito ya patebulo ndi nsapato yatha, ndipo mumangochapa. Ya chimfine ndiye ndingaisiye, chifukwa pepala lotaya mukangomina limateteza ena m'nyumbamo kuposa kansalu koyenda nako m'thumba tsiku lonse.

Mabanja ambiri, makamaka a Chisilamu ku Mangochi, Machinga ndi madera ena, amadziyeretsa ndi madzi, ndipo ena amangogwiritsa ntchito timapepala tiwiri poumitsa. Amene anazolowera zimenezi tishu imawakhalira nthawi yaitali kwambiri. Ngati mukufuna kuyesa, ikani kajagi kake kake ka kuchimbudzi kokha, kosasakaniza ndi ziwiya zina.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuumira. Choyamba, amayi ndi atsikana amafuna tishu yochulukirapo kuposa abambo, makamaka masiku a kumwezi, ndipo kuwawerengera timapepala ndi nkhanza. Chachiwiri ndi sopo. Tishu yopyapyala imabooka, ndipo ngakhale yokhuthala siteteza manja kotheratu. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo imafala kudzera m'madzi, chakudya ndi manja okhudzana ndi chimbudzi. Pa ndalama imene mwapulumutsa, yoyamba igule sopo wokhala pakhomo pa chimbudzi nthawi zonse. Ngati palibe mpopi pafupi, mpondagiya wa kachigubu, chingwe ndi timitengo titatu amakwanira, sopoyo mutamuboola n'kumumangirira pa chingwe kuti agalu ndi akhwangwala asamutenge.

Pomaliza, dulani kachigawo ka pulasitiki ya paketi pamene palembedwa nambala ya timapepala ndi kukula kwake, lembanipo mtengo ndi deti, n'kukasunga m'chikwama chogulira zinthu, kapena ingokajambulani pafoni. Ulendo wotsatira fananizani ndi paketi yatsopano musanaiike mu tirole. Dzina ndi mtundu wa paketi zikhoza kukhala zomwezo koma 350 atasanduka 300, ndipo zikatero bwererani pa kakyuleta muone ngati mtundu wa pambali pakewo sunaupose.